Mankhwala Othira M'matayala: Pomwe Athandiza ndi Pomwe Anyenga

Chaka chino funso limodzi landipeza katatu, ndipo onse ondifunsa ndi anthu a pakhomo pano. Woyamba ndi mlimi wa ku Katete amene anatsiriza maphunziro ake zaka 5 zapitazo. Iye anati: "Aphunzitsi, ndaona botolo m'sitolo ya zitsulo za galimoto ku Chipata. Wogulitsa akuti ndikathira zam'katimo m'tayala, za kuphwa ndiiwale. Kodi nzoona?" Wachiwiri ndi mayi amene amapita ndi ndiwo zamasamba kumsika pa njinga yamoto, ndipo anali atatopa ndi kukankha. Wachitatu ndi mnyamata wa m'kalasi la chaka chino, amene anafunsa mosabisa kuti, ngati mankhwala otere alipo, nanga timawavutitsiranji ndi phunziro la kumata chubu.

Aliyense ndinamuyankha mwachidule, koma funsoli liyenera yankho lokwanira, pakuti m'menemo muli ndalama za mlimi, masiku ake a ntchito, ndipo nthawi zina moyo wa anthu amene wawanyamula. Maganizo anga ndi awa. Mankhwala amadzi othira m'matayala, amene pa botolo amalembedwa kuti tyre sealant, ndi chida chabwino pa tayala loyenda pang'onopang'ono m'munda ndi m'njira zaminga, monga la wilibala, la ngolo ndi la njinga. Pa galimoto yothamanga pa msewu wa tala ntchito yake ndi imodzi yokha, ndiyo kukufikitsani kwa omata matayala. Amene awagula kuti aleke kuyang'ana matayala ake wagula chinyengo, ndipo adzalipira kawiri.

Zimene zili m'botolomo

Tayala lopopa linayamba kutchuka mu 1888, pamene John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, anaikira mwana wake matayala a mpweya pa kanjinga ka mawilo atatu. Kuyambira pamenepo mfundo yake sinasinthe: chimene chimasenza matumba anu ndi mpweya, ndipo mphira ndi chosungiramo chabe. Mpweya ukapeza pothawira, ngakhale pang'ono ngati diso la singano, tayala limagwa ndipo ulendo umaima. Mankhwala amene tikukambawa anapangidwa kuti atseke pothawirapo kuchokera m'kati.

Alipo mitundu itatu, ndipo anthu ambiri amaononga ndalama chifukwa chosaisiyanitsa. Mtundu woyamba ndi wothiriratu tayala lisanabooke. Ndi madzi okhuthala ngati phala, otchedwa glycol, osakaniza ndi tiulusi ndi tizidutswa ta mphira. Madziwa sauma msanga m'kati. Tayala likamazungulira amapakika kumbali yoponda pansi, ndipo munga ukaboola, mpweya pothawa umawakankhira pabowopo, tiulusi n'kupanikizana mpaka kutseka, monga momwe mapesi ndi udzu zimatsekera kalavati mvula yamphamvu ikagwa. Slime, amene ambiri mwamuona ndi mtundu wake wobiriwira, ali m'gulu limeneli. Eni ake amalemba kuti amatseka bowo losapitirira mamilimita 6 pa tayala lopanda chubu, losapitirira mamilimita 3 pa chubu, ndi kuti mphamvu yake ndi ya zaka 2.

Mtundu wachiwiri ndi wa utomoni wa mphira, umene umalimba ukatulukira pabowo. Umatseka bwino, koma umauma wokha m'kati mwa tayala pakapita miyezi yochepa, ndipo kotentha, monga m'chigwa cha Luangwa m'mwezi wa Okutobala, umauma mofulumira kwambiri. Mtundu wachitatu ndi wa pangozi, wothira tayala litaphwa kale. Ena ali m'chitini chimene chimathira mankhwala ndi kupopa nthawi imodzi, monga Fix-a-Flat ndi Holts Tyreweld. Ena ali m'kabotolo kobwera ndi kapampu ka magetsi m'galimoto zimene opanga sanaikemo tayala la sipeya, ndipo galimoto zambiri zakale zochokera ku Japan zimatifikira motero. Kabotolo kameneka kali ndi tsiku lothera mphamvu, ndipo ndi bwino kuliwerenga lero, musanakafune usiku pakati pa msewu.

Pomwe athandiza

Ine sindine mdani wa mankhwalawa, ndipo chifukwa chake chili m'munda wathu wa kumunsi. Njira yopita kumeneko imadutsa m'mitengo ya mthethe ndi kankhande, ndipo m'munda momwemo tinabzalamo misangu kuti ibwezeretse chonde, nayonso ili ndi minga. Chaka china, pa nyengo yotuta manyowa, ngolo yathu inkaphwa pafupifupi mlungu uliwonse. Amene munalipo mukumbukira ntchito yake: kumasula ng'ombe, kutsitsa katundu, kufuna miyala yoimikira, kuchotsa wilo, kukanula tayala, kufuna bowo m'beseni la madzi, kumata, kupopa, kubwezera. Theka la tsiku linkathera pa kabowo kamene diso silinkatha kukaona. Chaka chotsatira tinathira mankhwala a mtundu woyamba m'machubu onse awiri, ndipo manyowa anafika m'munda pa nthawi yake. Titatsegula matayalawo ntchito itatha, tinazulamo minga yambiri imene sitinadziwe kuti inalowa.

Zifukwa zimene anathandizira pamenepo n'zosavuta kuzimva. Bowo la munga ndi laling'ono, lozungulira, ndipo limakhala pamene tayala limaponda, pomwe mankhwala amasonkhana. Ngolo imayenda pa liwiro la ng'ombe, choncho tayala silitentha, ndipo kulemera kwa madzi m'kati sikuligwedeza. Chachikulu koposa n'chakuti mankhwala akalephera, ngolo imangopendekeka n'kuima, ndipo palibe amene avulala. Chimodzimodzi ndi wilibala ya m'dimba, mawilo a makina obzalira, ndi njinga yoyenda m'tinjira ta m'midzi.

Mtengo weniweni wa tayala lophwa pa mlimi ndi tsiku lotayika. Mvula yobzalira ikagwa feteleza ali ku depoti, ngolo ili pamiyala, mbewu imalowa m'nthaka mochedwa, ndipo tonse tidziwa chimene kuchedwa kubzala kumachita ku chimanga. Matimati othyoledwa m'mawa sayembekeza mawa. Pali amayi amene amalima okha, amene alibe mphamvu kapena zitsulo zokanulira tayala la galimoto loikidwa ku chikochikale, ndipo amayembekeza mlamu kapena mwana wa mnansi kuti apeze mpata. Kwa anthu otere botolo limodzi lothira mvula isanagwe likhoza kupulumutsa masiku amene sagulidwa ndi ndalama.

Komabe ngolo zathu zambiri ndi njinga zathu zili ndi machubu, ndipo chubu chili ndi malamulo ake. Gulani mankhwala olembedwa kuti ndi a chubu. Dziwaninso kuti munga ukathyokera m'tayala umapitiriza kucheka chubu pamalo omwewo nthawi iliyonse wilo likazungulira, mpaka kabowo kasanduka chong'ambika chimene tiulusi sitingatseke. Chotero ngakhale tayala lisaphwe, liyenera kutsegulidwa kamodzi pa nyengo, n'kupapasa m'kati mwake ndi kansalu, n'kuzula minga yonse.

Pomwe safika

Popeza madziwa amakhala kumbali yoponda pansi, bowo la m'nthiti mwa tayala salifikira, ndipo ngakhale atafika, nthiti imapindika pa kuzungulira kulikonse n'kulavula chotsekeracho. Tayala limene lang'ambidwa ndi chitsa kapena chitsulo silingathandizidwe ndi botolo. Chubu chimene chapanidwa pakati pa mwala ndi limu chimabooka mabowo awiri oyandikana, kawirikawiri kumbali imene mankhwala sakhalako. Valavu yong'ambika patsinde, imene imabwera chifukwa choyenda ndi mpweya wochepa, ifuna chubu china. Tayala lokalamba, lochita ming'alu ngati nthaka ya m'dambo m'chilimwe, lafika pamapeto ake, ndipo kuthiramo mankhwala ndi kutaya ndalama zimene zikanayamba kusonkhanira lina.

Za thirakitala ndinene mwapadera, chifukwa ena a inu muli m'magulu amene ali nayo, ndipo ena mumagwira ntchito m'mafamu. Matayala akumbuyo nthawi zambiri amathiridwa madzi, pafupifupi magawo atatu mwa anayi, kuti thirakitala ilemere ndi kugwira nthaka. Mankhwala wamba akathiridwa mmenemo amasungunuka n'kutha mphamvu. Ngakhale tayala likhale lopanda madzi, kukula kwake kumafuna malita ambiri, pamene la njinga lifuna pafupifupi mamililita 120 okha. Kuonjezera apo, chimene chimapha matayala akumbuyo kwathu kuno ndi zitsa za m'minda yongoswedwa kumene, ndi ziputu zouma za thonje, soya ndi mpendadzuwa, zimene zimadya mphira ndi kucheka m'nthiti. Mankhwala a zimenezo ndi khasu ndi nkhwangwa, kuzula zitsa thirakitala isanalowe. Matayala akutsogolo ang'onoang'ono ndi a ngolo yokokedwa m'munda ndiwo angapindule ndi botolo.

Chimene ndinaphunzira pa galimoto yanga

Pano ndiulule cholakwa changa. Tsiku lina Lachisanu ndinali kuchokera ku Petauke ndi kagalimoto kanga kakale, ndipo tayala lakumbuyo linaphwa. Sipeya inali yopanda mpweya, chifukwa mwini wake, amene amaphunzitsa anthu kusamala zida, anali asanaiyang'ane kwa miyezi. Ndinali ndi chitini cha pangozi. Ndinathira, tayala linadzuka, ndipo ndinafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Kufikira pamenepo chitini chinachita ntchito yake yonse, ndipo ndilibe mlandu nacho.

Mlandu unayamba mlungu wotsatira. Tayala linali lolimba, ntchito zinali zambiri, ndipo ndinati ndidzapita nalo kwa omata ndikapeza mpata. Mpata sunapezeke kwa miyezi iwiri. M'miyezi imeneyo ndinanyamula feteleza, ndinanyamula ophunzira, ndipo kamodzi ndinatsika nalo mapiri okhotakhota a pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa. Amene anaona vuto ndi wophunzira wamkazi pamene tinali kukweza matumba. Anati: "Aphunzitsi, tayala ili latupa apa." Womata atalichotsa pa limu anandiitana kuti ndione ndekha. Msomali unalowa chopendekera pafupi ndi phewa la tayala, mawaya ozungulira bowolo anali atachita dzimbiri, ndipo mphira unali utayamba kulekana nawo. Mkuluyo anapukusa mutu nati: "Bambo, mukanabwera mlungu womwewo mwina tikanakamba zina. Ili latha." Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja tayala linali lokongola, ndipo linali kusunga mpweya bwino lomwe.

Chimene chinachitika n'chodziwika kwa onse odziwa matayala. Tayala la galimoto la masiku ano lili ndi malamba a waya pansi pa mphira woponda. Msomali ukaboola umatsegula njira yolowera madzi ndi fumbi kufika ku mawayawo. Mankhwala amatseka mpweya kumbali ya m'kati, koma njirayo imakhalabe yotseguka kumbali ya kunja. Dzimbiri likayamba, waya amalekana ndi mphira, ndipo pa liwiro lalikulu, ndi katundu, pa tala wotentha, tayala lotere limatha kuphulika mosachenjeza. Palinso china. Tayala likayenda lili lophwa, ngakhale mtunda waufupi, nthiti zake zimaphwanyika m'kati, ndipo chizindikiro chake ndi fumbi lakuda la mphira limene silioneka kufikira tayala litachotsedwa pa limu.

N'chifukwa chake malamulo a kamatidwe ka matayala, monga a ku Britain otchedwa BS AU 159, ndiponso malangizo a opanga matayala a ku America, amagwirizana pa mfundo zazikulu. Tayala lichotsedwe pa limu ndi kuyang'anidwa m'kati. Bowo likhale pakati pa mbali yoponda, kutali ndi phewa ndi nthiti, ndipo pa galimoto yaing'ono lisapitirire mamilimita 6. Njira ya msomali idzazidwe ndi mphira, ndipo m'kati muikidwe chigamba. Omata ena ali ndi chigamba chooneka ngati bowa, chimene chimachita zonse ziwiri. Chingwe chomata chosokera kuchokera kunja, chimene timachikonda chifukwa n'chofulumira, nachonso n'chongofikitsa munthu kwa womata.

Opanga mankhwala a pangozi nawonso sabisa. A Fix-a-Flat amalemba kuti tayala likonzedwe pasanathe masiku 3 kapena mamailo 100, amene ndi pafupifupi makilomita 160. Tibotolo tobwera ndi galimoto kawirikawiri timaletsa kupitirira makilomita 80 pa ola. Mawu amenewa ali pa chitini, m'zilembo zing'onozing'ono, ndipo ine sindinawamvere. Wogulitsa amene akuuzani kuti thirani muiwale akunena zimene ngakhale opanga ake sananene. Kuthiriratu mankhwala okhuthala m'matayala a galimoto ya pamsewu nakonso sindikuvomereza, chifukwa madziwo amatha kusonkhana mbali imodzi n'kugwedeza chiwongolero pa liwiro, amatha kutseka tizipangizo toyeza mpweya m'galimoto zatsopano, ndipo koposa zonse amabisa msomali umene mukanauona.

Kwa mayi wa njinga yamoto uja yankho langa linali la pakati. M'tinjira ta fumbi, pa liwiro lochepa, pomwe mdani ndi munga, mankhwala a chubu angamuthandize. Koma njinga yamoto ili ndi mawilo awiri okha, ndipo lakutsogolo likagwa mwadzidzidzi pa tala wokwerayo amagwa nalo. Akaona kuti tayala lalasidwa, alitsegule tsiku lomwelo, ngakhale likhale lolimba.

Otsutsa mbali zonse ziwiri

Wina adzati: "Aphunzitsi, inu muli pafupi ndi boma. Kwathu womata matayala a galimoto ali kutali, ndipo ulendo wokha udya mafuta." Nzoona, ndipo n'chifukwa chake sindiletsa kukhala ndi chitini m'galimoto. Munthu amene wanyamula wodwala usiku, kapena amene waphwera pamalo oopsa kuimapo, achite chimene chingamuchotsepo msanga. Chimene ndikukana ndi kusandutsa thandizo la tsiku limodzi kukhala la chaka. Mukafika kunyumba, ikani sipeya, ndipo tayala lolasidwalo lipite ku boma ndi galimoto yoyamba imene ikupita. Kutalika kwa womata kuyenera kukuchititsani kusunga sipeya yabwino, yokhala ndi mpweya.

Winanso adzati zonsezi n'zowonongetsa ndalama, pakuti makolo athu ankamanga chubu ndi lekeni, kapena kudzaza tayala la njinga ndi udzu, n'kufika kumene ankapita. Iwonso ali ndi mfundo. Mankhwalawa amachokera kunja ndipo mtengo wake umakwera pamodzi ndi dola, pamene chigamba ndi solushoni zimapezeka pa msika uliwonse. Yankho lili m'buku lanu la kaundula wa pa famu. Lembani kuti wilo lililonse laphwa kangati pa nyengo, chinaliboola n'chiyani, munalipira zingati, ndipo munataya maola angati. Ngati ngolo yanu imaphwa kamodzi pa chaka, simufunika botolo. Ngati imaphwa mlungu ndi mlungu chifukwa cha minga, botolo lidzibweza lokha. Ngati imaphwa kawirikawiri chifukwa matayala ake ndi otha, kapena limu ili ndi dzimbiri lodya chubu, ndalamazo zipite ku tayala ndi ku limu. Nthawi zinanso yankho lotsika mtengo koposa ndi kulambula njira ndi kuleka kutaya nthambi zaminga pomwe ngolo imadutsa.

Tsono kwa mnyamata amene anafunsa za phunziro la kumata: phunzirolo likhalapobe. Mabowo amene mankhwala sangatseke ndi ambiri, ndipo tsiku limene adzalephera mudzakhala muli kutali. Dziwaninso kuti chubu chothiridwa mankhwala n'chovuta kumata kuposa chouma, chifukwa solushoni sagwira pamalo oterera. Muyenera kufinyira madziwo kutali ndi bowo, kutsuka, kuumitsa bwinobwino, kupala, kupaka solushoni, kuyembekeza kuti aume kufikira asamamatire ku chala, ndiyeno kuika chigamba. Amene sanaphunzire pa chubu chouma sadzakhoza pa chonyowa.

Kuthira kwake ndi kunena zoona

Amene mwaganiza zogula, werengani pa botolo musanalipire, pakuti safunsa anadya phula. Onani ngati ndi a chubu kapena a tayala lopanda chubu, ngati ndi a m'munda kapena a pamsewu, muyeso wa tayala lanu, ndi tsiku lothera mphamvu. Pothira, khutchumulani botolo, chotsani kamtima ka valavu, tulutsani mpweya wonse, zulani munga kapena msomali ngati ukuoneka, thirani muyeso wolembedwawo, pukutani valavu, bwezerani kamtima, popani, ndipo zungulitsani wilo kapena yendani nalo pang'ono kuti mankhwala afalikire. Valavu ya njinga zakale, ija ya kamphira kakang'ono, imatsekeka msanga ndi tiulusi, choncho muzikhala ndi ina yapadera. Wilo limene laima miyezi yambiri limasonkhanitsa mankhwala pansi, ndipo lifuna kuzungulitsidwa musanalikhulupirire.

Mankhwala ena ali ndi ethylene glycol, amene ndi poizoni ndipo amatsekemera. Galu, mwana wa ng'ombe, ngakhale mwana wa munthu akhoza kunyambita. Musawathire m'botolo la zakumwa, musawasiye pofikira ana, ndipo madzi otsukira tayala asapite kumene ziweto zimamwa kapena pafupi ndi chitsime.

Pali mfundo inanso imene ndimaiona kuti ndi ya khalidwe. Mukapita ndi tayala kwa womata, muuzeni kuti munathiramo mankhwala, ndipo ngati chitini chilipo muonetseni. Zitini zina zimapopa ndi mpweya woyaka, ndipo munthu amene ali ndi moto pafupi kapena amene akupala ndi chitsulo ayenera kudziwa. Tsukaninso limu mukatsegula, chifukwa madzi okhalitsa pa chitsulo amatha kuyambitsa dzimbiri. Ndipo chonde, musalole aliyense kuwotcherera limu tayala lili pomwepo, kaya muli mankhwala kaya mulibe, ngakhale mutatulutsa mpweya, pakuti kutentha kumayambitsa kupsa kwa mphira m'kati ndipo tayala limatha kuphulika. Womata akapempha kuonjezera pang'ono chifukwa cha ntchito yotsuka, musakangane naye, pakuti ntchitoyo mwamuonjezera ndinu. Mukabwereka ngolo ya mnzanu n'kuboola tayala, musathiremo mankhwala mwakachetechete n'kubweza ngati palibe chachitika. Mukagulitsa galimoto kapena njinga yamoto, nenani tayala limene lili ndi bala. Wogulayo adzanyamula ana ake pa tayala limenelo.

Choyamba kugula

Mlimi akandifunsa kuti ndalama zake zochepa ayambe kugula chiyani, botolo limabwera pamapeto. Choyamba ndi pampu yabwino. Chachiwiri ndi kachipangizo koyezera mpweya, chifukwa chala ndi chidendene zimanama. Chachitatu ndi zigamba, solushoni, zitsulo ziwiri zokanulira tayala ndi kachotsera kamtima ka valavu. Tayala lililonse limataya mpweya pang'onopang'ono ngakhale lisabooke, ndipo loyenda ndi mpweya wochepa limapindika kwambiri, limatentha, limang'amba valavu ndi kulemetsa ng'ombe kapena kudya mafuta. Yezani m'mawa tayala lisanatenthe. Galimoto zing'onozing'ono zambiri zimafuna pakati pa 2 ndi 2.5 bar, ndipo muyeso weniweni wa yanu walembedwa pa kapepala ka pachitseko cha woyendetsa kapena m'buku lake. Pogula tayala, makamaka logwiritsidwa kale ntchito, fufuzani manambala anayi otsiriza pambuyo pa zilembo za DOT m'nthiti mwake. Awiri oyamba ndi mlungu, awiri otsiriza ndi chaka, kotero kuti 2319 ndi tayala lopangidwa mlungu wa 23 m'chaka cha 2019.

Zimenezi zikakhalapo, ndipo kaundula wanu akaonetsa kuti minga ndiyo ikukudyerani masiku, gulani botolo ndi mtima umodzi, muthire ku ngolo, ku wilibala ndi ku njinga mvula isanagwe. Mlimi wa ku Katete uja ndinamuuza zomwezo, ndipo ndinamupempha kuti alembe zimene aone nyengo yonse. Pempho lomwelo ndilipereka kwa inu nonse amene munachoka pano ndipo mwayesapo mankhwalawa: tilembereni kuti munathira mtundu uti, pa wilo lanji, ndipo chinachitika n'chiyani, zabwino ndi zoipa zomwe, kuti a m'kalasi la chaka chino aphunzire pa zimene mwaona m'minda yanu. Ine, kuyambira tsiku la tayala lotupa lija, ndimayeza sipeya yanga pa tsiku loyamba la mwezi uliwonse, ndipo ophunzira ali ndi chilolezo chondifunsa ngati ndachita.